Atsibweni Asanamve, Wailesi Siinkalankhula

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Palibe chimene mungaphunzirepo, kupatula kuti ndinali ndi kabudula mmodzi ndiponso ndinkamenya anzanga. Ndikufuna mudziwe za wailesi, chifukwa nonse mwakula mukumva anthu pamsika akunditchula kuti a Naphiyo a pa wailesi, ndipo ena a inu mumakhulupirira kuti ndinachoka kumeneko chifukwa cha mtima wanga wapachala. Mtima wapachala ndili nawo, sindikana. Koma si umene unandichotsa. Dzina la wailesiyo sindilemba muno. Amene anaigula analisintha, ndipo latsopanolo silituluka pakamwa panga.

Nditangomaliza Folomu 4

Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza masamba pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi konkuno ku Mulanje. Ndinakhalapo zaka zinayi, ndipo palibe m'mawa umodzi umene ndinadzuka ndikuifuna. Kapitawo wathu anali munthu wa pakamwa poipa. Tsiku lina, Chiperoni akuwaza, anayamba kutukwana mayi wina wachikulire amene anathyola masamba okhwima, kumutchula kuti iwe, kumutchuliranso ziwalo pamaso pa anthu oti iye akanatha kuwabereka. Ndinamuuza kuti asiye. Iye anati ntchito ya kalaliki ndi sikelo, osati ulaliki. Ndinamukankha. Anagwa chagada m'tiyi, miyendo m'mwamba, chipewa uko. Amayi onse anaseka, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti chinandichotsetsa ntchito ndi kusekako, osati kukankhako. Madzulo ake ndinali pakhomo, amayi anu ali ndi pakati pa iwe Tereza.

Chaka ndi theka ndinakhala ndikulima nandolo ndi kulankhula pa maliro. Kwathu akafuna munthu wolengeza dongosolo pasiwa ankaitana ine, chifukwa mawu anga amafika kumanda ine ndili pakhomo, komanso ndimatha Chilomwe cha agogo anga. Pa maliro otero ndi pamene anandimva a Namakhwa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa Milonde

A Namakhwa anali mphunzitsi wopuma, wamfupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Titachoka kumanda anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndingathe kulankhula chimodzimodzi m'chipinda chopanda munthu. Ndinaganiza kuti choko chawasokoneza mutu. Anandifotokozera kuti boma layamba kulola anthu wamba kukhala ndi mawailesi awo, ndipo iwo ndi mnzawo Che Amidu, Msilamu wamalonda wa pa Milonde, apeza chilolezo ndi makina ogwirapo kale ntchito kwina. Chimene analibe ndi pakamwa.

Situdiyo yathu inali chipinda chakumbuyo cha sitolo ya Che Amidu, nyumba yakale ya njerwa zootcha. Akuluakulu ankati inamangidwa nthawi imene agogo athu ankawoloka mtsinje kuchokera ku Mozambique, kuthawa chibalo cha Apwitikizi n'kudzagwera m'minda ya azungu akuno. M'chipindamo munkasungidwa nsomba zouma, ndipo fungo lake silinachoke. M'makoma tinakhomamo masaka ndi mathireyi a mazira kuti phokoso la msika lisalowe. Mlongoti unali bulugamu. Makaseti tinkabweza ndi bolopeni posunga mafuta a jenereta. Jeneretayo inali ya Che Amidu, ndipo Lachisanu masana akamapita ku mzikiti ankatseka sitolo, kiyi m'thumba, ife n'kungoti zii. Lamulungu m'mawa a Namakhwa ndi ine tinkakhala kutchalitchi. Anthu ankati wailesi yathu Lachisanu ndi Msilamu, Lamulungu ndi Mkhristu, masiku enawa ndi chidakwa, chifukwa kukachita nkhungu mawu ake ankadzandira.

Malipiro miyezi yoyamba kunalibe. M'malo mwake anandilemba m'pepala la kampani ngati mwini wachitatu, iwo awiri magawo aakulu, ine kachigawo kakang'ono. Pepalalo linkanenanso kuti wailesi singagulitsidwe pokhapokha tonse atatu titasaina. Ndinaseka. Ndani akanagula chipinda chonunkha mlamba?

M'mwezi wachitatu ndinalakwa. Munthu wina anafika pa njinga ndi kapepala konena kuti wakutiwakuti wamwalira kuchipatala, abale adziwe. Ndinawerenga nthawi yomweyo. Uthengawo unali woona, munthuyo anamwaliradi. Koma m'mawa mwake tinapeza mkulu wina atakhala pakhonde la sitolo, chipewa pa maondo, kumbuyo kwake abale ngati khumi. Anakana kulowa, anakananso mpando. Anali atsibweni a malemuyo.

Inu mwakhalitsa m'tauni, ndiye ndikukumbutseni. Kwathu kuno munthu ndi wa kwa mayi ake. Akamwalira, oyamba kuuzidwa ndi atsibweni ake, mlongo wa mayi akewo, amene ndi mwinimbumba. Iwo ndiwo amapita kukakhazika mayiwo pansi, amayi ena ali pambali oti awagwire, kenako n'kukadziwitsa mfumu. Zimenezi zisanachitike maliro sanayambe, ngakhale thupi litazizira kale.

Mkuluyo sanakweze mawu. Anati, “Mwana wa mlongo wanga wamwalira, ine ndamvera pa chigayo, limodzi ndi ana odikira gaga. Ndabwera ndidzaone nkhope ya amene walowa m'malo mwanga.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti ife tinangothandiza, koma a Namakhwa anandiponda phazi mpaka chikhadabo chinada. Che Amidu anagwira tambala wawo, tinagwada tonse atatu pa fumbi, msika wonse ukuona, n'kupepesa. Anthuwo atapita, a Namakhwa anang'amba katoni ya sopo n'kulembapo mafunso atatu, n'kuikhoma pamwamba pa maikolofoni. Wakutumani ndani? Atsibweni ndi mayi ake amva? Mfumu yadziwa? Kuyambira tsikulo uthenga wa maliro unkabwera ndi munthu, ndi miyendo yake, ine n'kumuyang'ana m'maso pomufunsa. Akalephera funso limodzi ankabwerera, ngakhale atachokera kuseri kwa phiri. Ambiri anandinyoza pakhomo paja. Ine ndinkawabwezera.

Zaka khumi ndi kanthu, pa Boma

Chimene chinakweza wailesi yathu si nyimbo. Nyimbo zinaliponso kwina, zomveka bwino kuposa zathu. Anthu anazindikira kuti dzina likatuluka pakamwa pa Naphiyo ndiye kuti nkhaniyo yadutsa kale pamene iyenera kudutsa, munthu akhoza kusiya khasu n'kunyamuka. Mauthenga ndinkawerenga katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi dzuwa likamalowa, m'Chichewa kenako m'Chilomwe, pang'onopang'ono, dzina lililonse kawiri, popanda nyimbo pansi. Nthawiyo ikakwana, otchova njuga pamsika ankasiya, osoka ankaimitsa makina. Eni masitolo ataona kuti anthu onse akumvera ife, anayamba kubwera kuti tiziwalengezera malonda awo: mbewu, malata, mankhwala a mbuzi. Tinasamukira pa Boma, m'nyumba ya magetsi. Tinaimika mlongoti wachitsulo pa chitunda, mawu athu n'kumamveka mpaka kutsidya kwa malire. Tinalemba achinyamata ntchito, wina wa nkhani, wina wa mpira, mtsikana wa pologalamu ya amayi. Pakhomo ndinaika benchi la obweretsa mauthenga, ndi ndowa ya madzi akumwa, chifukwa ena ankafika atapalasa njinga kuyambira mbandakucha, ena ochokera kutsidya olankhula Chilomwe chosakaniza ndi Chipwitikizi.

Musaganize kuti zinali zosalala. Magetsi ankazima pakati pa dzina la munthu. Chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno ndinkakwera njinga kupita ku malire kukagula petulo wa m'zigubu, pobwerera ndikukankha, malaya ali chonyowa, kenako n'kukhala pa maikolofoni ndikupuma ngati galu. Ndi a Namakhwa tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, iwo motsitsa, ine mokuwa. Tsiku lina bwana wina wa ndale anatuma dalaivala wake ndi uthenga wa maliro a m'bale wake. Dalaivalayo analephera funso lachiwiri, ndinamubweza. Bwanayo anaimba foni n'kundifunsa ngati ndikudziwa amene ndikulankhula naye. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndinkawadziwanso mayi ake, ndipo iwo anali ndi ulemu. A Namakhwa anavala jekete n'kupita kukapepesa chifukwa cha pakamwa panga. Za lamulo lija sanapepese, ndipo uthengawo unadikira mpaka atsibweni atamva.

Chaka china, mvula yoyamba, mphenzi inagwera mlongoti n'kuotcha makina onse. Tinakhala chete masabata atatu. Sitinapemphe munthu, pakuti tikanapempha ndi pakamwa pati? Koma anthu anayamba kubwera okha. Mikoko ya nthochi, zinanazi, nandolo, nkhuku zomangidwa miyendo, bambo wina wakutsidya anakoka mbuzi. Lole ya Che Amidu inanyamula zonsezo kukagulitsa ku Limbe, tinawonjezera zathu n'kugula makina atsopano. Mmodzi mwa anthuwo anali mayi Esinati, wamasiye wogulitsa tomato pa Milonde, amene ankamangirira kawailesi kawo pa nsanamira ya benchi lawo ndi chingwe cha chitenje. Anatula dengu pakhomo n'kunena kuti chiyambire pamene tinazima sakudziwa amene ali moyo ndi amene wapita, akungopatsa moni aliyense mwamantha. Mukumbukire dzina limeneli, ndi madengu amenewa, pamene ndikukuuzani za kugulitsa.

Chaka chimene Che Amidu anatisiya

Che Amidu anamwalira m'mawa, madzulo ake tinali titawaika kale monga mwa chipembedzo chawo. Uthenga wawo ndinawerenga ndekha, ndipo ngakhale ndinali pomwepo akutsirizika, ndinadikira m'bale wawo kuti abwere pa benchi ndimufunse mafunso atatu aja. Gawo lawo linapita kwa ana awo, anyamata a malole, amene wailesi ankaiona ngati mbuzi yosabereka. A Namakhwa nawo matenda a shuga anali atawadya maso. Apa m'pamene panatulukira kampani ina ya m'tauni imene inkagula mawailesi ang'onoang'ono m'maboma. Anabwera pa galimoto yoyera, atatu, onunkhira. Anayendera situdiyo, mmodzi anawerenga katoni yathu ya sopo, imene tinasamuka nayo kuchoka pa Milonde, n'kuijambula pa foni akuseka, amvekere n'zosangalatsa.

Ana a Che Amidu anasaina tsiku lomwelo. A Namakhwa anasaina patapita sabata. Panatsala ine ndi kachigawo kanga, ndipo ndinakana miyezi itatu. Ndinawauza kuti wailesiyo makina ake anagulidwa ndi nthochi za anthu, ngati tikuigulitsa tiyambe taitana eni nthochiwo. Ana a Che Amidu anasiya kundipatsa moni. Achinyamata a pa situdiyo, amene analonjezedwa malipiro okwera ndi makompyuta, ankangoti chete ndikalowa. Amayi anu sanandiuze kuti ndisaine, koma mvula ikagwa ankaika mabeseni pamene pankadontha mwaphokoso kuposa mmene kunkafunikira.

Kenako a Namakhwa anabwera kunyumba kuno, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. Anakhala pansi pa mpeyala uwo. Anandifunsa za nandolo, za sukulu yanu, za chilichonse kupatula chimene anadzera. Pomaliza anati, “Naphiyo, ine maso apita. Mankhwala anga ali ku Blantyre, ine ndili kuno. Zaka zonsezi ndakhala ndikupepesa m'malo mwako. Lero ndikupempha m'malo mwanga.”

Munthu wolankhula motsitsa ndi woopsa. Akanakuwa ndikanamuthamangitsa.

Ndinapita kukakumana ndi ogulawo ndi mfundo imodzi yokha: mauthenga a maliro akhale mmene alili, munthu azibwera yekha, mafunso atatu azifunsidwa. Mkulu wawo anagwira pamtima n'kunena kuti iwonso ndi Amalawi, ali ndi atsibweni awo, ndipo chimene akugula kwenikweni ndi chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa ine. Ndinati ndiye zilembedwe m'pepalamo. Loya wawo anamwetulira n'kunena kuti zimenezo ndi za umunthu, sizilowa m'mapepala, ndipo kusintha chiganizo chimodzi kungachedwetse zonse miyezi ina itatu. A Namakhwa anali pambali panga, akuyang'ana khoma limene sankaliona. Ndinatenga bolopeni. Ine, munthu woti ndinabweza anthu mazanamazana pakhomo chifukwa mawu awo analibe umboni, ndinalandira mawu a mlendo opanda umboni. Malata amene mukugonamo mukabwera kuno anachokera pamenepo. Muziwayang'ana bwino.

Miyezi isanu ndi itatu pansi pa eni atsopano

Anatitumizira manejala, mnyamata wa digiri dzina lake Gift, wa zingwe za foni m'makutu. Ankanditchula kuti madala. Mwezi woyamba anapaka penti. Wachiwiri anachotsa ola la Chilomwe n'kuikapo nyimbo zochokera kulikulu lawo. Wachitatu benchi linasowa pakhomo, ati likuipitsa maonekedwe, katoni ya sopo ndinakaitola kudzala. Kenako analengeza kuti anthu asamavutikenso kuyenda: uthenga wa maliro azingoulemba pa foni, kulipira pa foni pomwepo, mtsikana wa pa kompyuta n'kuusindikiza. Ndinamukumbutsa lonjezo la mkulu wake. Anandifunsa kuti lili pa tsamba liti.

Ine ndinapitiriza mwanga. Pepala lililonse ndinkaimbira nambala imene yatumiza, ndi mayunitsi anga, n'kufunsa mafunso anga. Ndikakayika, pepalalo linkalowa m'thumba la malaya mpaka nditakhutira. Gift ankati ndikuchedwetsa makasitomala. Ndinkamuuza kuti kasitomala wake wafa kale, sathamangira kulikonse.

Tsiku lina la msika wa pa Milonde, cha m'ma teni koloko m'mawa, mtsikana uja anandipatsa pepala. Linkati Fanuweli, mwana wa mayi Esinati a pa Milonde, wamwalira ku Joni, abale adziwe. Fanuweli anali mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna. Ndinaimba nambalayo. Anayankha anyamata anzake okhala nawo m'chipinda, akulankhula mopikisana. Anati wadwala masiku anayi okha. Atsibweni ake, a Mulepa, alibe foni. Nambala ya mayi ake ali nayo, koma palibe amene walimba mtima kuiimba, ndiye anasonkherana kuti wailesi inene. Mmodzi anati, “Inuyo bambo mumadziwa kanenedwe kake.” Anyamata amenewo sindiwaimba mlandu. Anali ana, ali kutali, ali ndi mtembo.

Ndinalowa mu ofesi ya Gift n'kumuuza kuti uthenga uwu sutuluka masana, andipatse mpaka madzulo ndikapeze a Mulepa. Anati walipiridwa kuti utuluke masana. Ndinamuuza kuti mayiyo pakali pano ali pamsika, wailesi ili pa khutu, palibe womugwira. Anati ndiye bwino, amva msanga. Ndinapempha njinga yamoto ya kampani, anati ndi ya otsatsa malonda. Zimene ndinamuuza pamenepo sindilemba, chifukwa bukuli adzawerenganso adzukulu anga. Ndinapinda pepalalo, kuliika m'thumba, n'kutuluka. Ndinauza mnyamata wa mpira kuti awerenge mauthenga enawo. Pokwera minibasi mtima unali m'malo, chifukwa uthenga unali m'thumba mwanga. Umu ndi mmene ndinalili wachikale. Zaka zonse zija pepala linkakhala limodzi, ukalitenga ndiye kuti watenga uthenga. Sindinaganize n'komwe kuti kompyuta ingabereke lina.

Minibasi inaima paliponse pamene panali munthu ngakhale wongokodza. Nditatsika ndinakwera kabaza mpaka kumudzi kwa a Mulepa, ndinawapeza kudimba. Ndinawakhazika pa mzere, ndinavula chipewa, ndinawauza monga mmene munthu amauzidwira. Anaika khasu pansi. Kenako anasamba m'manja mu ngalande, anaitana amayi awiri achikulire a pa mbumba yawo, tinauyamba wa kumsika. Dzuwa linali litapendeka kale.

Ndinadziwa tisanafike. Msika wa pa Milonde umamveka uli kutali, koma tsiku limenelo mbali ya tomato kunali bata. Anthu anaima patalipatali m'timagulu, onse akuyang'ana malo amodzi. Mayi Esinati anali pa benchi lawo, akupanga milu ya tomato, kuiphwasula, kuipanganso. Kawailesi kanali kakulira. Mayi wina wogulitsa anyezi anandithamangira n'kundinong'oneza kuti uthenga watuluka masana, kawiri, wawerenga ndi manejala yekha, nyimbo ikulira pansi, ukangotha n'kubwera malonda a feteleza. Amayi anzawo anathamanga kuti akawagwire, koma iwo anawakankha. Anawauza kuti limenelo ndi bodza, a Fanuweli ndi ambiri, kwawo sikunabwere munthu, achimwene awo sanabwere, ndiponso amene walankhulayo si Naphiyo. Maola awiri anakhala akugulitsa tomato, msika wonse ukudziwa kuti mwana wawo wafa. Ndipo ndikudutsa ndinamva ndi makutu anga anthu atayamba kale kunong'ona kuti mayi wanji wosagwetsa msozi, ameneyu akudziwapo kanthu pa imfa ya mwanayo.

Atationa anasiya tomato. Achimwene awo anali patsogolo, koma iwo anayang'ana ine.

“A Naphiyo, mwabwera. Kamnyamata kanu kaja katchula Fanuweli. Ndawauza awa kuti inu simunanene.”

Mwambo unkafuna kuti alankhule a Mulepa. Ndinawayang'ana. Iwo anawerama, maso pansi. Amayi awiri aja anali atazungulira kale kumbuyo kwa benchi.

“Simunanene, eti?”

Ndatchula mayina a akufa osawerengeka, ndili m'chipinda ndekha, ndikuyang'ana khoma. Sindinatchulepo ndi limodzi lomwe ndikuyang'ana mayi wake. Ndinagwada pa matope a pamsika paja n'kunena kuti, “Mayi, ndi zoona. Fanuweli watisiya.”

Anatembenuka n'kuyamba kumasula chingwe cha kawailesi kaja. Mfundo inali yolimba, analimbana nayo ndi zala, kenako ndi mano. Itamasuka anakazimitsa, anakaika pansi bwinobwino pambali pa dengu. Kenako anagwera m'manja mwa amayi awiri aja. Kulira kwawo sindikufotokozerani.

M'mawa mwake ndinapita ku situdiyo. Gift anali pa kompyuta. Anandiuza kuti ndinachoka pa ntchito popanda chilolezo, n'kuwonjezera kuti, “Komabe uthenga unafika, si choncho madala? Ndiye vuto lili pati?” Ndinamugwira pakhosi pa malaya n'kumunyamula pa mpando. Mlonda ndi mnyamata wa mpira ndiwo anandichotsa. Sindinamumenye, ngakhale kalata yawo yondichotsa ntchito ikunena kuti ndinamumenya, ndipo masiku ena ndimadandaula kuti bwenzi kalatayo ikunena zoona. Ndinasiya makiyi pa tebulo. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo kupuma kwanga pa ntchito kunayamba choncho, popanda phwando, popanda wotchi ya pakhoma.

Zaka za pambuyo pake

Thupi la Fanuweli linafika patapita masabata awiri. Pa maliropo anandipempha kuti ndilengeze dongosolo, ndinakana. A Mulepa anapita ku situdiyo kukafuna amene analowa m'malo mwawo, mlonda anawauza kuti alembe kalata. A Namakhwa nditawafotokozera anangondifunsa ngati mvula yagwa kwathu. Sitinakambenso za wailesi mpaka anamwalira.

Kunong'ona kuja sikunathe. Mukudziwa mmene anthu athu alili. Nkhani yoti mayi Esinati anagulitsa tomato mwana wawo atafa inayenda midzi yonse, ndipo pofika kutali inali itasanduka yoti anamupereka okha kuti malonda aziyenda. Ndinayenda pamsika paja benchi ndi benchi kufotokoza zimene zinachitika, ndinatsala pang'ono kumenyana ndi wogulitsa nyama, koma pakamwa pamodzi popanda mlongoti sipafika patali. Anthu anasiya kuwagula. Chisanathe chaka anasamukira kutsidya kwa abale a mayi awo. Ndinakumana nawo kamodzi kokha pa malire, atasenza chinangwa. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za amayi anu ndi za inu nonse, mayina anu osaphonya. Sanandinene kanthu. Ndikanakonda akananditukwana.

Wailesiyo ikadalipo, ndikumva kuti inagulitsidwanso kwa ena. Gift anakwezedwa, ali kulikulu. Inu mumaganiza kuti ndimadana naye, ndipo mukandiona ndakwiya mumati ndakumbukira mnyamata uja. Ayi. Iye anakulira kumene maliro amamvera pa foni, sankadziwa chimene ankaswa. Ana a Che Amidu sankadziwa. A Namakhwa ankadziwa, koma anali akudwala. Panali munthu mmodzi yekha wamaso, wamphamvu zake, amene ankadziwa bwinobwino chimene chidzachitike, ndipo pepala linkanena kuti popanda dzanja lake palibe chingagulitsidwe. Loya atamwetulira ndinayenera kuimirira n'kutuluka, monga ndachitira moyo wanga wonse pa zinthu zazing'ono kuposa pamenepo. Ndinakankha kapitawo chifukwa cha mayi amene sindinkamudziwa n'komwe dzina. Tsiku lokhalo limene mtima wanga wapachala unkafunika, ndinakhala phee pa mpando ngati munthu waulemu, n'kusaina.